Denga la Injiniya Wathu

Pakhomo pa bambo Alexio, kumtunda kwa Dzoole, panalibe chinthu chopendekeka. Chitseko chinkatsekeka popanda kuchigunda ndi phewa, nkhokwe inkaima njo, ngakhale khola la mbuzi linali lowongoka ngati mugona mlendo. Bamboyo anali kalipentala. Zigafa za fodya, madenga a nyumba za malata, mabenchi a kutchalitchi, zambiri za m'dera limenelo zinadutsa m'manja mwawo. Sukulu analekezera Sitandade 5, koma diso lawo, inu! Akatsinzina limodzi n'kuyang'ana mtanda, ankadziwiratu ngati ukhalitsa kapena ugwa ndi mvula yoyamba. Anali ndi mawu awo amene ankawabwereza mpaka ana kutopa nawo: "Munthu ukhoza kumunamiza, koma thabwa silinamizika."

Akazi awo, mayi Faines, anali mlimi wa mtedza, munthu wosasiyana ndi kolona. Pakhomopo sankadya asanapemphere, ndipo sankagona atakwiyitsana. Mwana wawo woyamba, Elifala, anakulira m'fungo la utuchi. Mutu wake unali wakuthwa, masamu ankangowamwa ngati thobwa. Tsiku limene dzina lake linatuluka kuti wasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira uinjiniya wa zomangamanga, amayi a mumphakati wawo wa kutchalitchi anabwera ndi nthungululu mpaka nkhuku kubalalika.

M'mawa wonyamuka, bambo ake anamupatsa tepi yawo yoyezera, yakale, manambala ena atafufutika.

"Ine ndimayeza ndi maso, iwe ukayeza ndi mabuku," anatero. "Ukaphunzire zimene ine sindinazione. Koma chimene sukuchidziwa, uzinena kuti sindikuchidziwa. Si zamanyazi zimenezo."

"Ndamva, bambo."

"Ndipo m'mawa uzikadzuka," anawonjezera mayi ake. "Tulo tako timatidziwa ife."

Onse anaseka. Akanadziwa!

Ku yunivesite kunali dziko lina. Ku hositeli kunkagona ophunzira zinthu zosiyanasiyana: uyu zamalamulo, uyu unamwino, uyo zaulimi, wina zachuma, wina uphunzitsi. Chaka choyamba Elifala analimbikira ndithu, tisamunamizire. Koma chaka chachiwiri maphunziro anauma. Kunabwera phunziro lowerengera kulimba kwa zomanga, lofuna kudziwa kuti mtanda wakuti unganyamule katundu wolemera bwanji usanathyoke, ndipo linkayamba seveni koloko m'mawa kunja kukuzizira. Bulangete linayamba kukoma. Anajomba tsiku limodzi, palibe anamufunsa. Anajomba sabata yathunthu, palibe anamukwapula. Kani kuno n'kwaufulu chonchi? Masana ankathera pa foni, pa mpira wa pakanema, ndi pa tebulo la pulu kuseri kwa golosale.

Apa m'pamene anadziwana ndi Abrahamu, mnyamata wa chaka chomaliza amene ankaphunzira zachuma. Anzake ankamutcha Pulofesa, osati chifukwa cha nzeru ayi, koma chifukwa mu laputopu yake munali ntchito zimene ophunzira a zaka zam'mbuyo analemba n'kupereka kwa aphunzitsi. Ukafuna ya zamalamulo, ilimo. Ya unamwino, ilimo. Ya nthaka ndi feteleza, ilimonso.

"Aise, nkhope yagwa bwanji?" anamufunsa tsiku lina pa pulu paja.

"Asayinimenti ya mayi Manesi, a phunziro la m'mawa lija. Ikufunika Lachisanu, ndipo sindinayambe n'komwe."

"Basi zomwezo? Ana akumudzi inu mumakonda kuvutika. Kodi ukapeza chitsime chokumba kale, umakumbanso chako pambali? Bwera ndi fulashi. Ungosintha dzina ndi manambala awiri atatu."

"Nanga akandigwira?"

"Akugwire ndani? Ana mazana awiri, mphunzitsi mmodzi. Chimene amafuna kunja kuno ndi pepala, mphwanga. Palibe adzakutsegule mutu kuti aone zili m'katimo."

Malipiro ake? Abrahamu ankakonda chiponde. Choncho mtedza umene mayi Faines ankakazinga n'kusinja mpaka manja kutuluka matuza, kuti mwana wawo asamawerenge ndi njala, unkathera pa buledi wa Abrahamu.

Tsiku loyamba kupereka ntchito yakuba, mtima wa Elifala unagunda mpaka kumveka m'makutu. Pepala litabwera ndi malikisi apamwamba, mantha anachepa. Kachiwiri mtima unagunda pang'ono. Kachitatu unangokhala chete. Mayeso atafika, Abrahamu yemweyo anamuphunzitsa likasa, timapepala ta mayankho tobisa m'sokosi, ndipo mnyamata anakwera kalasi m'mutu muli mbee.

Mayi Manesi, mphunzitsi wa phunziro la m'mawa lija, anali munthu wamfupi wosakonda kuseka. Tsiku lina anamuitanira ku ofesi kwawo n'kumuyalira pepala lake patebulo.

"Elifala, ntchito yako ndi yabwino kwambiri. Tandifotokozera mzere uwu. Nambala iyi yachokera kuti?"

Elifala anayang'ana nambalayo, nayonso inamuyang'ana.

"Ndaiwala pang'ono, madamu."

"Waiwala." Anavula magalasi. "Umboni ndilibe, n'chifukwa chake sindikukutengera kwa akuluakulu. Koma tamvera, mwana iwe. Loya wobera mayeso amamangitsa munthu wosalakwa. Namwino wobera amapha mmodzimmodzi. Injiniya wobera amapha gulu tsiku limodzi. Bwerera m'kalasi. Pamene sukumva, khomo ili n'lotsegula."

Elifala anatuluka akulumbira mumtima kuti asintha. Lolemba lotsatira bulangete linapambananso.

Atamaliza chaka chachitatu, anabwera kumudzi kutchuthi mu Seputembala, mapiri atayera ndi dzuwa. Anapeza Akhristu a nthambi ya kwawo ali pa ntchito yaikulu. Zaka zitatu anakhala akuumba ndi kuwotcha njerwa, mphakati uliwonse tsiku lake, ndipo zipupa za tchalitchi chatsopano zinali zitaima pamwamba pa chitunda. Chotsala chinali denga. Nthawi yonseyi ankapempherera pansi pa mtengo wa kachere, ndipo aliyense ankafuna kuti mvula ya chaka chimenecho iwapeze ali m'kati.

Lamulungu mapemphero atatha, wapampando wa tchalitchi, bambo Andireya, anaimirira.

"Akhristu anzanga, tikafunirenji injiniya ku Lilongwe pamene tinabereka wathuwathu? Elifala, taimirira anthu akuone!"

M'manja munawombedwa, nthungululu zinalira.

"Ife tikufuna denga lopanda nsanamira pakati," anapitiriza bambo Andireya, "ngati matchalitchi a m'tauni, kuti wokhala kumbuyo azionanso guwa. Iwe utijambulira pulani, bambo ako akhoma. Mwana ndi bambo ake! Kodi Mulungu angatikonde kuposa apa?"

Apa ndiye panali ponenera chilungamo, inu. Mawu ake anali ochepa: sindinafike pamenepo. Elifala anayang'ana mayi ake, nkhope yawo ikuwala, chitenje atachigwira pakamwa ndi chimwemwe. Anayang'ana atsikana a kwaya akumuyang'ana. Pakamwa panatseguka pokha.

"Zazing'ono zimenezo," anatero.

Paja ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.

Madzulo a tsikulo anatsegula fulashi ija ya mapepala a Abrahamu. Anafufuza mpaka anapeza chojambula cha denga, chaukhondo, cha makona atatu ooneka bwino, chongolembedwa kuti Denga 2. Pansi pake panali nambala yosonyeza kuti nyumbayo inali ya mamita anayi m'lifupi. Tchalitchi chinali cha mamita khumi ndi awiri. Elifala anafufuta 4 n'kulemba 12. Kukula kwa matabwa ndi kalumikizidwe kake anazisiya momwemo, chifukwa sankadziwa powerengera pake. M'mawa mwake anakwera kabaza kukasindikiza ku Mponela, pepala lalikulu, dzina lake lili pakona.

Bambo Alexio analandira pepalalo ndi manja awiri. Anakhala pakhonde, analiyala pamaondo, analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsinzina diso limodzi.

"Mwanawe, matabwa awa sakuchepa? Tchalitchi chija n'chachikulu. Ndipo apa pakati, polumikizira matabwa awiriwa, walemba misomali yokha. Popanda mabawuti? Popanda nsanamira pansi pake? Ine diso langa likukana."

Elifala anachita mantha. Koma mantha a munthu wakuba satuluka ngati mantha, amatuluka ngati ukali.

"Bambo, izi si zigafa za fodya. Izi zinawerengeredwa pa kompyuta. Makona atatuwa amagawana kulemera okha. Ndi sayansi imeneyi, simungaimvetse."

Mayi Faines, amene ankaswa mtedza pambali, anasiya.

"Elifala! Ukuyankha bambo ako kapena mnzako wa kusukulu?"

"Musiyeni, make Elifala," anatero bambowo motsitsa mawu. "Akunena zoona. Tinamutumiza kuti akaone zimene ife sitinazione. Tikayamba kumutsutsa, ndiye tinamutumiziranji?"

Anapinda pepalalo bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya. Zaka makumi anayi akukhulupirira diso lawo, tsiku limenelo analikana chifukwa cha mwana wawo.

Ntchito inayenda msanga. Amuna anadula bulugamu, anacheka matabwa, bambo Alexio anakhomera pansi mafelemu onyamula denga, amene amisiri amawatcha mathirasi, motsatira pepala osaphonya inchi. Lachitatu anawakweza ndi zingwe n'kuwaimika pazipupa. Elifala ankayendayenda ndi tepi ija m'chiuno, ana akumuthamangira n'kumakuwa kuti, "Injiniya! Injiniya!"

Anthu atapita kukadya, analowa yekha m'tchalitchimo n'kuyang'ana kumwamba. Pakati pa thirasi lapakati, polumikizira paja, panali patatsika pang'ono, mwina chala chimodzi. Anadziuza kuti ndi maso chabe. Lachinayi anabweranso. Zala ziwiri.

Kuyambira pamenepo chakudya chinakana kutsika. Mphepo ikawomba kuchokera kumapiri a Ntchisi, iye ankadzidzimuka n'kutembenukira kuchitunda. Mbale ikagwa kukhitchini, mtima unkadumpha. Lachisanu masana anakwera pachulu cha kuseri kwa munda, pamene pankagwira netiweki, n'kuimbira Abrahamu, amene tsopano ankagwira ntchito m'tauni.

"Pulofesa, ndine Elifala. Pulani ya denga ija ukuikumbukira?"

"Iti? Ndinali nazo zambirimbiri."

"Yolembedwa Denga 2."

Abrahamu anaseka mpaka kutsokomola.

"Ija? Ija inali ya mtsikana wina wa zaulimi. Khola la nkhuku, aise! Ndipo ndikukumbuka aphunzitsi anamulepheretsa nayo. Bwanji, wayamba kuweta?"

"Ambuye Yezu! Ine ndamangira tchalitchi."

Kuseka kunatheratu.

"Iwe, wapenga? Ine ndinaphunzira zachuma, za madenga ndizidziwira kuti? Ndinkakupatsa mapepala onamizira aphunzitsi, osati omangira. Umve bwino, dzina langa usalitchule paliponse."

Foni inaduka. Elifala anakhala pansi pachulu pomwepo. Khola la nkhuku! Ndipo Lolemba bambo ake akwera pamwamba pake kukakhoma malata.

Mulungu sanamumane mpata, zimenezo tinene. Loweruka wansembe wa parishi anabwera kudzalapitsa, monga ankachitira kamodzi pamwezi. Anakhala pampando pansi pa kachere, anthu akubwera mmodzimmodzi. Elifala anagwada. Analapa zojomba Misa, analapa zowayankha mwano bambo ake.

"Palinso china, mwana wanga?" anafunsa wansembeyo.

Nkhani ya denga inatsala pang'ono kutuluka. Koma chapataliko ankamva mawu a bambo Andireya akuuza alendo a kuparishi kuti, "Pulani yonseyi wajambula ndi mwana wa pompano." Mawu ena anamunong'oneza mumtima: mwina lilimba. Malata akakhomedwa agwirizanitsa zonse. Ubwerere kusukulu, ukafunse mayi Manesi mwakachetechete, pa Khirisimasi udzakonze popanda wodziwa.

"Palibe, bambo," anatero.

Lamulungu masana mayi ake anamupeza atakhala kuseri kwa nkhokwe, chakudya chili pambali chosakhudzidwa.

"Masiku anayi tsopano sukudya. Ukudwala?"

"Malungo pang'ono, amayi."

"Malungo ati oyang'anitsa munthu kutchalitchi pafupipafupi? Ndinakubereka ndine, Elifala. Ngati pali chimene chikukudya, lankhula lero. Mawa bambo ako akwera pamwamba paja."

Anawayang'ana.

"Palibe, amayi."

Mayiwo ananyamula mbale ija n'kumapita akupukusa mutu.

Lolemba kunacha bwino, kopanda mtambo. Mudzi wonse unakwera chitunda. Amayi anabwera ndi zidebe za madzi ndi thobwa, ena analowa m'tchalitchimo kukasesa zidutswa za matabwa akuimba nyimbo za Maria, mayi Faines ali pakati pawo. Bambo Alexio anavula nsapato, anachita chizindikiro cha mtanda, anakwera makwerero hamala ili m'chiuno. Anakwera ndi amisiri anzawo awiri, a Elisha ndi a Dave. Amuna a pansi anayamba kukweza malata, mtolo ndi mtolo, ndipo amisiri ankawasanja pakati pa denga kuti azitola mosavuta.

Elifala anaima m'kati, pansi penipeni pa thirasi lija, khosi lili m'mwamba. Mtolo woyamba unakwera. Wachiwiri. Ndiye anamva kaphokoso kakang'ono, kosamveka kwa oimba aja: tswa. Kafumbi ka utuchi kanamugwera pankhope. Anayang'anitsitsa, ndipo anaona misomali ya polumikizira paja ikusololoka pang'onopang'ono, ikunyezimira ndi dzuwa. Pamwamba pake penipeni panali mapazi a bambo ake. Pansi pake, mayi ake anawerama ndi tsache.

Anafuna kukuwa, mawu osatuluka. Ngakhale pamenepo, inu, kamtima kena kankamufunsabe kuti anthu ati chiyani. Mtolo wachitatu unakwera. Tswa! Tswa!

"Tulukani!" anakuwa tsopano. "Amayi, tulukani nonse! Bambo, tsikani! Pulani ija ndi yabodza! Ndinaba! Sindidziwa kanthu ine!"

Nyimbo inaduka. Amayi anangoima, matsache ali m'manja.

"Injiniya, mukuti bwanji?" anafunsa bambo Andireya ali pakhomo.

Koma bambo Alexio sanafunse kanthu. Anangoyang'ana pansi pa mapazi awo kamodzi, n'kumvetsa zonse.

"Amayi inu, panja! Thamangani! Elisha, Dave, kuchipupa, msanga! Mmodzimmodzi, musagwedeze!"

Elifala anagwira mayi ake padzanja n'kuwakokera kunja, amayi ena akupanikizana pakhomo. Pamwamba, a Elisha anakwawa mpaka pachipupa. A Dave anatsatira. Bambo Alexio anakhala phee pakati, osasuntha, kudikira kuti anzawo afike kaye, chifukwa ankadziwa kuti akayenda atatu nthawi imodzi agwa onse. A Dave atangogwira njerwa, bambowo anasuntha bondo limodzi.

Phwaa! Thirasi lapakati linatseguka, linakoka linzake, linzakelo linakoka lina. Malata analira mpaka anthu a kudambo anasiya makasu. Fumbi linatuluka m'mawindo onse. Kenako kunangoti zii.

"Mayo ine! Bambo a Elifala! Mayo ine!" anakuwa mayi Faines.

Anawapeza pansi pa malata, thabwa litawapanikiza m'chiuno. Maso anali otsegula, ankapuma. Elifala anachotsa malatawo ndi manja mpaka zala kuchekeka, akulira ngati mwana. Atawanyamula, miyendo inangolendewera. M'thumba la malaya munali pepala lija, lopindidwa bwinobwino.

Galimoto ya kuparishi inawatengera kuchipatala cha Mtengowanthenga, ndipo kumeneko anawatumiza ku Lilongwe. Njira yonse Elifala anagwira dzanja la bambo ake, akuyang'ana chifuwa chawo ngati chikukwerabe ndi kutsika. Madokotala anayesetsa. Moyo unapulumuka, koma fupa la msana linali litathyoka. Ananena mosabisa kuti bambowo sadzayendanso.

Patapita masiku, bambo Alexio atayamba kulankhula, Elifala anagwada pambali pa bedi, mayi ake ali pomwepo. Anaulula zonse: za bulangete, za pulu, za Abrahamu, za likasa m'sokosi, za chenjezo la mayi Manesi, za khola la nkhuku. Atafika pa chiponde, mayi Faines anagwira pachifuwa.

"Mtedza wanga? Umene ndinkasinja ine uja? Ndiye kuti ndinkagula ndekha tsoka la amuna anga?"

Bambo Alexio anayang'ana denga la chipatala nthawi yaitali.

"Ndinaona, Elifala," anatero. "Diso langa linandiuza tsiku loyamba lomwe. Pokhoma msomali uliwonse dzanja linkakana. Koma ndinkati mwana wanga waphunzira, ine ndine yani?"

"Bambo, ndikhululukireni."

"Ukanangonena kuti sindikudziwa. Basi. Tikanaika nsanamira, anthu akanadandaula sabata imodzi n'kuiwala."

"Ndikhululukireni, bambo. Chonde."

"Kukhululuka ndakhululuka, ndiwe mwana wanga. Koma chikhululuko sichibweza miyendo. Dzuka pamenepo, unditembenuze, mbali iyi yatopa."

Mvula ya chaka chimenecho inawapeza Akhristu ali pansi pa kachere pomwe paja. Lamulungu lina, madzi akudontha m'masamba, Elifala anaimirira pamaso pa onse n'kunena zimene anachita, osasiyako kanthu. Panalibe nthungululu. Ena analira, ena anayang'ana kumbali, bambo Andireya anangogwira chipewa chawo n'kumachizunguza. Sabata yotsatira anapita ku yunivesite, anagogoda pa khomo lija limene anauzidwa kuti n'lotsegula, n'kuulula kwa mayi Manesi. Mayiwo anamumvetsera mpaka kumapeto, misozi ikulengeza. Akuluakulu a sukulu atakhala pansi, anamuchotsa. Zaka zitatu zinapita ngati madzi a m'dengu. Abrahamu anasintha nambala ya foni.

Lero mukadutsa kumtunda kwa Dzoole mudzamupeza Elifala pakhonde la bambo ake, sowo ili m'manja. M'mawa uliwonse amadzuka nkhuku zisanatsike, pakuti pali munthu wofunika kumusambitsa, kumuveka ndi kumunyamulira panja. Tulo tija tinatha. Bambo Alexio amakhala pa njinga ya olumala pafupi ndi benchi, akutsinzina diso limodzi.

"Pamenepo papendekeka. Masula, uyambirenso."

"Chabwino, bambo."

"Nanga thabwa ilo linyamula?"

"Sindikudziwa, bambo. Ndiuzeni."

Mawu amenewo tsopano amawanena mosavuta, kangapo patsiku.

Tchalitchi chinafoleredwa chaka chotsatira, bambo Alexio akulangiza ali pansi. Chili ndi nsanamira zinayi pakati, zonenepa, ndipo wokhala kumbuyo amachita kusuzumira kuti aone guwa. Palibe amadandaula. Lamulungu lililonse Elifala amakankha njinga ija kukwera chitunda, thukuta lili kamukamu, n'kuwaimika bambo ake pafupi ndi nsanamira yoyamba. Iye amagwada kumbuyo kwawo. Mphepo ikawomba malata n'kulira, amadzidzimukabe n'kuyang'ana kumwamba.

Ana inu amene muli m'masukulu, ndi inu amene mukupita ku yunivesite, kaya mukaphunzira zamankhwala, zamalamulo, zaulimi kapena zomangamanga, mverani. Ulesi umabala kuba, kuba kumabala bodza, ndipo bodza likakula limafuna munthu woti limugwere. Mphunzitsi mukhoza kumupusitsa, pepala mukhoza kulitenga. Koma tsiku likubwera limene anthu okukondani adzaika moyo wawo pa zimene mukuti mumadziwa, ndipo woyamba kukwera padenga lanu adzakhala amene amakukhulupirirani kuposa onse. Dzukani m'mawa, lowani m'kalasi, ndipo chimene simukuchidziwa nenani kuti simukuchidziwa nthawi ikadalipo. Elifala ananena, koma ananena bambo ake ali kale pamwamba.